Betta Yasiya Kudya, Yagona Pansi: Yambani ndi Madzi, Mankhwala Pambuyo

Betta, kansomba kokongola koweta m'thanki ya m'nyumba, ikadwala, anthu ambiri amathamangira kufunsa dzina la mankhwala. Funso loyamba likhale lina: madzi ali pa madigiri angati, ndipo munawasintha liti? Kugona pansi, kupinda zipsepse, kukana chakudya ndi kufwifwa mtundu, zonsezi kawirikawiri zimayambira pa kuzizira ndi pa madzi oipa. Tizilombo timangopezerapo mwayi pa nsomba yofooka kale. Mukathira mankhwala m'madzi omwewo ozizira ndi akuda, nsomba ichira sabata ino, mwezi wamawa idwalanso.

Kwawo kwa betta ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nako, m'madambo, m'ngalande ndi m'minda ya mpunga, momwe madzi amakhala ofunda chaka chonse. M'mutu mwake muli kachiwalo kotchedwa labyrinth kamene kamaithandiza kupuma mpweya wa pamwamba pa madzi. N'chifukwa chake imatha kukhala masiku ambiri m'kabotolo pa shelefu ya sitolo, momwe nsomba zina sizikanachedwa kufa. Anthu akaona zimenezi amati betta ndi yolimba, kambale kalikonse kakwanira. Kusafa msanga si kukhala bwino. Yosamalidwa bwino imakhala zaka 2 mpaka 4, pomwe ya m'kambale nthawi zambiri siona Julayi wachiwiri.

Chisanu cha Juni ndi Julayi

Betta imafuna madzi a madigiri 25 mpaka 27. Akatsika pansi pa 23 chakudya chimachedwa kugayika m'mimba ndipo chitetezo cha thupi chimafooka. Akafika cha m'ma 20 nsomba imangogona pansi, zipsepse zitamatirira kuthupi ngati ambulera yopinda.

Tawuni ya Chipata ku Zambia ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kunja kumazizira mpaka cha m'ma 10 kapena 12. M'nyumba ya malata yopanda siling'i chisanucho chimalowa ndithu. Masana dzuwa likawomba malata, chipinda chomwecho chimafunda. Kukwera ndi kutsika kumeneku, tsiku ndi tsiku, kumafoola nsomba kuposa kuzizira pang'ono kokhazikika. Musayeze ndi chala, chala chimanama. Gulani themometa ya m'madzi ndipo muziiwerenga kawiri: m'mamawa cha m'ma 5 kapena 6 koloko pamene madzi azizira kwambiri, ndi masana cha m'ma 3. Manambala awiriwo akasiyana ndi madigiri opitirira 2 kapena 3, mwapeza kale gwero limodzi la matenda.

Chothetsera chake ndi thanki ya malita 20 kapena kuposerapo, ndi hita yokhala ndi kokhonera kutentha. Ya mawati 25 imakwanira malita 20 m'chipinda chofunda, koma ngati chipinda chimatsika mpaka 15 usiku, tengani ya 50. Tihita ting'onoting'ono tosakhonera timangotentha osaleka, ndipo m'kambale ka malita awiri tikhoza kuphika nsomba masana. Hita imire m'madzi mpaka pa mzere wake, ndipo muziizimitsa ku soketi mphindi khumi musanachotse madzi. Galasi lotentha likakhala pamtunda, kenaka n'kuthiridwa madzi ozizira, limasweka.

Nsomba yozizidwa musaifunditse mwadzidzidzi. Kwezani digiri imodzi pa ola. Thanki ikhale pakhoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi zenera ndi chitseko, ndipo ikhale ndi chivundikiro. Chivundikiro chimasunga kutentha, chimaletsa nsomba kulumphira kunja, komanso chimasunga mpweya wofunda pamwamba pa madzi. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa madzi ndi chivundikiro kuti nsomba ipeze popumira.

Malaiti akapita

Amene anasunga nsomba m'chaka cha 2024, pamene madzi anachepa kudamu la magetsi la Kariba ndipo malaiti ankapita maola ambiri pa tsiku, akudziwa kuti hita yokha si yankho. Apa ndi pamene kukula kwa thanki kumaoneka phindu lake. Kambale ka malita awiri kamazizira mofanana ndi chipinda m'maola ochepa chabe, pomwe malita 20 okutidwa bwino amasunga kutentha gawo lalikulu la usiku.

Malaiti akangopita madzulo, kutani thanki ndi bulangeti mbali zonse, pamwamba n'kusiya kampata kolowera mpweya. Ngati muli ndi kaylite wa m'mabokosi a firiji kapena TV, mudulireni mbali zitatu ndi pansi pa thanki, akhalire pomwepo nyengo yonse yozizira. Themometa ikatsika pansi pa 23, thirani madzi otentha m'botolo la pulasitiki la theka la lita, otentha moti mukhoza kuligwira ndi dzanja osapsa. Tsekani zolimba, tsukani kunja kwake ndi madzi okha, ndipo liyandamitseni m'thanki. Botolo limodzi lotere limakweza malita 20 ndi digiri imodzi yosakwana, ndiye muzibwereza m'malo moika mabotolo anayi nthawi imodzi. Madzi otentha musawathire mwachindunji m'thanki.

Mbaula ayi. Utsi wa makala umadzaza mpweya womwewo umene betta imakwera kukapuma, ndipo mbaula m'chipinda chotseka ndi yoopsa ngakhale kwa anthu.

Masiku amene madzi akuzizira chonchi, chepetsani chakudya ndi theka, kapena dumphitsani tsiku. Nsomba yathanzi imatha masiku atatu osadya popanda vuto. Chakudya chogona m'mimba yozizira ndicho chimabweretsa kutupa kumene tikamba kutsogoloku.

Pa fyuluta, chosefera madzi a m'thanki, ya siponji yoyendera pampu ya mpweya ndiyo yoyenera kuno. Madzi ake amayenda pang'onopang'ono, zomwe betta ya zipsepse zazitali imafuna, ndipo siponjiyo imakhala m'madzi a thanki momwemo, choncho mabakiteriya ake abwino, amene amachotsa poizoni m'madzi, sachedwa kutsitsimuka malaiti akabwera. Timapampu ta USB timayenda maola ambiri pa power bank ya foni. Fyuluta yotsekeka ikaima maola ambiri, zam'kati mwake zimaola chifukwa chosowa mpweya, ndipo ikadzuka imalavulira zonunkhazo m'thanki. Itsanuleni kaye madzi ake musanaiyatsenso.

Okutobala amabwera ndi vuto lotembenuka. Madzi akadutsa 30, mpweya wosungunuka umachepa ndipo mabakiteriya oyambitsa matenda amaswana msanga. Chotsani thanki podutsa dzuwa, tsegulani chivundikiro pang'ono n'kuphimba ndi sefa ya pulasitiki yoyera, ndipo fani iwombe pamwamba pa madzi. Ayezi wothira mwachindunji amatsitsa kutentha mwadzidzidzi, ndiye musatero.

Madzi ooneka oyera amene amapha

Madzi a pampopi ali ndi klorini. Kwa munthu ndi chitetezo, kwa nsomba amawotcha zopumira za m'mbali mwa mutu. Madzi alionse atsopano athiridwe mankhwala ochotsa klorini molingana ndi muyezo wa pabotolo. Ngati atha, tungani madzi m'ndowa yotsegula, agone maola 24 mpaka 48, makamaka ndi pampu ya mpweya ikuwira m'menemo. Njira imeneyi imachotsa klorini wamba yekha, ndiye botolo la mankhwala lisamasowe m'nyumba. Chenjeraninso ndi chigubu cha madzi akumwa. Nthawi ya dzinja, makamaka kolera ikamveka, mabanja ambiri amathira klorini wa m'kabotolo m'madzi akumwa, ndipo mwana wotumidwa kuwonjezera madzi m'thanki amatunga m'chigubu chomwecho poti ndiwo madzi aukhondo m'nyumbamo. Nsomba ikhale ndi ndowa yakeyake, yolembedwa, imene sinalowemo sopo ngakhale kamodzi.

Madzi a pamjigo kapena pachitsime alibe klorini, koma ena ali ndi laimu wambiri. Mudzadziwira ketulo yanu: ngati m'kati mwake mumamera zoyera zolimba, madziwo ndi otero. Betta imawazolowera bola asamasinthesinthe, ndiye sankhani gwero limodzi n'kukhala nalo. Chitsime cha pafupi ndi dimba lothiridwa feteleza kapena lopoperedwa mankhwala chisiyeni.

Mdani wamkulu ndi amoniya. Amachokera m'zopumira za nsomba, m'ndowe zake ndi m'chakudya chotsala, alibe mtundu, ndipo madzi amatha kuwala ngati galasi ali odzaza naye. M'thanki yokhwima, mabakiteriya a m'siponji amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenaka nitrite kukhala nitrate, amene ndi wofatsa ndipo amachoka posintha madzi. Mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akwanire. N'chifukwa chake nsomba zambiri zimadwala m'mwezi woyamba zitagulidwa. Zoyezera za timadontho zimaonetsa zonsezi: amoniya akhale 0, nitrite 0, nitrate pansi pa 20. Madzi a laimu, amene pH yake (muyezo wa asidi m'madzi) ili pamwamba pa 7.5, amaonjezera ukali wa amoniya, ndipo kutentha kumateronso.

Nsomba yopsa ndi amoniya imapuma mofulumira, zopumira zimafiira, imakhala pamwamba kapena kubisala pakona. Sinthani theka la madzi nthawi yomweyo, ndi madzi ofunda mofanana ndi akalewo, mawa mubwerezenso, ndipo musadyetse masiku awiri. M'thanki yatsopano pitirizani kusintha kotala la madzi masiku awiri alionse mpaka manambala akhazikike. Ikakhwima, malita 5 pa 20 alionse kamodzi pa sabata akwanira, mukukoka ndi kapaipi zinyalala za pakati pa timiyala.

Cholakwa chofala kwambiri chimachitika ndi anthu aukhondo. Loweruka amatulutsa nsomba, kutaya madzi onse, kutsuka timiyala ndi siponji pampopi mpaka ziwale. Akatero apha mabakiteriya onse abwino, thanki yabwerera pa tsiku loyamba. Siponji imangofinyidwa kawiri katatu m'madzi akale amene mwachotsa m'thanki, n'kubwezedwa ikadali yabulauni.

Nsomba yadwala mwadzidzidzi, madzi ali bwino

Dzulo inali bwinobwino, lero ikuthamanga mozungulira, kunjenjemera kapena kugona cham'mbali. Funsani a m'nyumba ngati wina anapopera Doom kapena kuyatsa koyilo ya udzudzu. Mankhwala opha tizilombo amenewa amapha nsomba pa mlingo wochepa kwambiri. Neti yogonamo yonyikidwa m'mankhwala ili ndi poizoni wa mtundu womwewo: musaidule kuti mupange kaukonde kogwirira nsomba kapena chophimbira thanki. Opopera m'nyumba mankhwala opewera malungo akamabwera mvula isanayambe, ikani nsomba m'ndowa yake yovundikira n'kuitulutsa panja, thanki muikute ndi pulasitiki mutazimitsa pampu ya mpweya, chifukwa pampuyo imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuulowetsa m'madzi. Mafuta odzola ndi sopo wotsalira m'manja nazonso zimavulaza.

Pakachitika zotere, sunthirani nsomba m'madzi atsopano ofunda mofanana, opanda klorini, musanachite china chilichonse. Makala a fyuluta ogula ku sitolo ya nsomba amathandiza kuyamwa zotsalira m'thanki. Makala a pambaula sagwira ntchito imeneyi.

Zipsepse zikutha

Pali zinthu zitatu zofanana maonekedwe. Chipsepse chong'ambika molunjika, m'mphepete muli moyera, chakodwa pa chinthu chakuthwa. Pititsani sokosi yopyapyala ya nayiloni pa maluwa apulasitiki ndi timiyala tokongoletsa. Chimene chakoka ulusi chichotseni. Zibenthu zikuluzikulu zozungulira zosowa kumchira usiku umodzi, ndiye kuti nsomba ikudziluma yokha, kawirikawiri chifukwa madzi akuthamanga kwambiri kapena ikudziona pagalasi tsiku lonse n'kumayesa mdani.

Kuola kwenikweni, kumene pamabotolo amalemba fin rot, kumayenda pang'onopang'ono. M'mphepete mumada kapena kufiira, mumanyenyeka ngati nsalu yakale, ndipo chipsepse chimafupika sabata ndi sabata. Kukangoyamba kumene, madzi oyera ndi ofunda amachiza okha: sinthani kotala mpaka theka tsiku lililonse kwa sabata, kutentha kukhale 26. Kukapanda kuima, thirani mchere wa m'mathanki a nsomba, kasupuni ka tiyi kosalaza, osati kosefukira, pa malita 4 alionse. Usungunuleni kaye m'kapu, ndipo muuthire m'magawo awiri kapena atatu pa tsiku loyambalo. Mchere suuluka ndi nthunzi. Mukachotsa malita 4, mubwezere kasupuni kamodzi kokha; mukangowonjezera madzi amene auma, musathire mchere konse. Pakatha masiku 10 lekani, muuchotse posintha madzi. Mchere wokhalitsa umalemetsa impso za nsomba ya m'madzi opanda mchere, ndipo zomera zambiri za m'thanki zimafa nawo.

Chizindikiro cha kuchira ndi kamzere koonekera ngati pulasitiki kumapeto kwa chipsepse. Anthu ena amakaona ngati matenda atsopano n'kuthiranso mankhwala. Ndi mnofu watsopano, mtundu umabwera pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chipsepse chimatenga masabata angapo kuti chimere. Kuola kukafika pathupi penipeni, pakufunika maantibayotiki a nsomba monga kanamycin, ndipo apa funsani dokotala wa ziweto. Makapisozi otsala a munthu musatsanulire m'thanki. Muyezo wake simuudziwa, amapha fyuluta, ndipo amathandiza mabakiteriya kuzolowera mankhwala amene anthu akuwadalira.

Timadontho toyera, fumbi lagolide ndi thonje

Apa m'pofunika kuyang'anitsitsa, chifukwa chothandiza pa nthenda imodzi chimapha pa inzake.

Timadontho toyera tozungulira, tofanana kukula, ngati wina wawaza mchere pathupi ndi pazipsepse, ndi ich. Nsomba imadzikhula pa timiyala. Nthendayi imakonda kubuka madzi akazizira mwadzidzidzi kapena mukabweretsa nsomba kapena chomera chatsopano. Kachilombo kake kakakhala pansi pa khungu, mankhwala sakafika. Kakakhwima kamagwa pansi, kamadzitsekera m'kachikwa, n'kuswa ana mazanamazana amene amasambira kufunafuna nsomba. Ana osambirawo ndi okhawo amene mankhwala amapha. M'madzi a 25 ulendo wonsewu umatenga pafupifupi sabata, m'madzi ozizira umatalika kwambiri. Ndiye kwezani kutentha pang'onopang'ono kufika 28, thirani mankhwala a ich okhala ndi malachite green motsatira pabotolo, chotsani makala m'fyuluta poti amayamwa mankhwala, ndipo kokani zinyalala za pansi musanathire muyezo uliwonse. Timadontho tikasowa musaleke. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, nthenda n'kubwerera patatha sabata. Pitirizani masiku ena osachepera 4. Nthawi yonse imakwana masiku 10 mpaka 14. Ngati malaiti akuvuta moti simungasunge 28 usana ndi usiku, ikani hita pa 26 n'kutalikitsa masiku a mankhwala. Kukwera masana n'kugwa usiku kumapweteka kuposa.

Nthenda ina yotchedwa velvet ndi yovuta kuiona. Nsomba imapinda zipsepse, imadzikhula, imapuma movutika, koma pathupi simuona kanthu. Zimitsani magetsi usiku, iwunikeni ndi tochi ya foni cham'mbali. Mukaona fumbi losalala lagolide kapena la dzimbiri, makamaka kumutu ndi pa zopumira, ndi imeneyo. Betta zina zili ndi mamba onyezimira mwachibadwa. Kunyezimira kwachibadwa kumatsata mizere ya mamba, pomwe velvet imaoneka ngati ufa wowazidwa pamwamba. Kachilomboka kamapezako mphamvu ku kuwala, ndiye phimbani thanki ikhale mumdima, kutentha 28, ndi mankhwala okhala ndi kopa. Kopa amapha nkhono ndipo amakanirira m'timiyala, choncho ndi bwino kuchizira m'chidebe china chapulasitiki cha malita 8 kapena 10, chopanda timiyala, chokhala ndi hita. Methylene blue, mankhwala ena a nsomba, nayenso ndi wa m'chidebe chapadera, poti amapha mabakiteriya a fyuluta.

Zoyera ngati thonje zili mitundu iwiri. Ulusi wautali wowirira pa bala lakale ndi nkhungu, imayenda pang'onopang'ono, ndipo madzi oyera ndi methylene blue zimaithetsa. Koma chigamba chotuwa chophwatalala pakamwa, kapena chodutsa pamsana ngati chishalo, chimene chakula kuyambira m'mawa kufika madzulo, ndi columnaris. Ameneyu ndi bakiteriya, amakonda madzi otentha, ndipo amatha kupha m'masiku awiri. Mukamuyesa ich n'kukweza kutentha mwamuthandiza. Tsitsani pang'onopang'ono kufika 24, thirani mchere pa muyezo uja, ndipo fufuzani maantibayotiki a nsomba tsiku lomwelo. Nyengo yake yeniyeni ndi Okutobala ndi Novembala.

Musasakanize mankhwala awiri atatu poganiza kuti amodzi mwa iwo agwira. Nsomba yodwala ili ndi mphamvu zochepa, ndipo mankhwala alionse amadyako mphamvuzo. Mukafuna kusintha mankhwala, sinthani kaye theka la madzi kawiri.

Mimba yatupa, ikuyandama cham'mbali

Betta imapempha chakudya nthawi iliyonse munthu akadutsa, ndipo m'nyumba ya ana anayi imadyetsedwa kanayi. Muyezo wake ndi timibulu 2 mpaka 4, kawiri pa tsiku, ndi tsiku limodzi pa sabata losadya. Munthu mmodzi yekha akhale wodyetsa. Ndi nsomba yodya tizilombo, choncho nsima, buledi ndi mpunga si zake, ndipo kapenta wouma ali ndi mchere wambiri. Timphutsi ta udzudzu ta m'mgolo wa madzi a mvula ndi chakudya chake chachibadwa. Tsukani m'madzi oyera, mupatse tochepa toti imalize pomwepo, ndipo mgolowo muuvundikire. Musawete udzudzu dala chifukwa cha nsomba m'dera la malungo. Kabotolo ka timibulu kakatsegulidwa kasapitirire miyezi 6, ndipo m'dzinja kakagwira chinyezi n'kuyamba kununkha chuku, katayeni.

M'mimba mukadzaza, matumbo amapanikiza kathumba ka mpweya kamene kamaimika nsomba m'madzi. Ndiye imayandama ngati chitsekerero cha botolo, kapena imamira n'kumavutika kukwera. Siyani kudyetsa masiku 3, kutentha 26 kapena 27, ndipo tsitsani madzi kufika masentimita 10 mpaka 12 kuti isavutike kukapuma, koma hita ikhalebe yomira. Ikani tsamba lalikulu kapena kapu yoyera yogoneka pafupi ndi pamwamba kuti izitsamirapo. Zikapanda kusintha, isambitseni mu Epsom salt wa ku famase, wopanda zonunkhiritsa: supuni yaikulu imodzi pa malita 4 a madzi ofunda mofanana, m'chidebe china, mphindi 10 mpaka 15, kamodzi pa tsiku. Ikayamba kugudubuka ibwezeni msanga. Epsom salt si mchere wamba ndipo ziwirizi sizilowana m'malo. Pa nsomba yotupa gwiritsani Epsom.

Kenaka iyang'aneni kuchokera pamwamba. Ngati mamba ali chigonere, pali chiyembekezo chachikulu. Ngati atukuka mbali zonse, thupi likuoneka ngati chinanazi, imeneyo ndi dropsy: impso zalephera ndipo madzi adzaza m'thupi. Tinene mosabisa, zambiri zikafika apa sizichira. Mukhoza kuyesa madzi oyera ofunda, Epsom salt ndi kanamycin ngati nsomba ikudyabe. Diso limodzi lotupa kawirikawiri ndi kuvulala ndipo limaphwa m'madzi oyera, koma onse awiri akatupa vuto lili m'kati mwa thupi.

Zina zimaopsa chabe. Betta ya mawangamawanga imasintha mtundu moyo wake wonse, yoyera n'kukhala yabuluu, popanda nthenda. Kugona patsamba usiku ndi tulo basi. Thovu limene yaimuna imaunjika pakona ndi chisa. Kusamanga chisa si matenda, ndipo kumanga si umboni woti madzi ali bwino. Yokalamba imafwifwa, imagona kwambiri, msana umapindika pang'ono, ndipo pogula m'sitolo yaimuna ya zipsepse zazitali imakhala itatha kale miyezi ingapo.

Ikafika posachira

Nsomba imene yatha masiku osadya, mamba atatukuka, ikulephera kukwera kukapuma, ndi bwino kuipumitsa. Mafuta a clove a ku famase, amene anthu amaika pa dzino lowawa, ndiwo njira yachifundo. Ikani nsomba mu lita imodzi ya madzi a m'thanki. Sakanizani pafupifupi theka la mililita la mafutawo ndi madzi ofunda pang'ono m'kabotolo, khutchumulani mpaka ayere ngati mkaka, ndipo thirani pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu. Imagona kaye, kenaka zopumira zimaima. Isiyeni momwemo mphindi 30 zitaima. Musaiike m'firiji, musaigujumulire m'chimbudzi ili moyo, ndipo yamoyo kapena yakufa musaitaye mu mtsinje wa Lutembwe kapena m'khwawa lililonse. Ikwirireni, ndipo madzi a mankhwala akhuthulidwe kutali ndi chitsime.

Dzitetezeni inunso. M'mathanki a nsomba mumatha kukhala bakiteriya wotchedwa Mycobacterium marinum, amene amalowa pa bala la padzanja n'kuyambitsa kachotupa kosapola kwa miyezi. Ngati muli ndi bala, kapena chitetezo cha thupi lanu n'chofooka, valani magolovesi. Kapaipi musakoke ndi pakamwa. Kadzazeni madzi, tsekani mbali zonse ndi zala, mbali imodzi m'thanki, inayo m'ndowa ya pansi. Kachotupa kotere kakatuluka, auzeni a kuchipatala kuti mumasunga nsomba.

Thanki imene mwafera nsomba ndi nthenda yopatsirana itsukidwe ndi jiki wopanda zonunkhiritsa, gawo limodzi pa magawo 19 a madzi, kwa mphindi 15. Tsukuluzani kambirimbiri, nyikani m'madzi okhala ndi mankhwala ochotsa klorini owirikiza, ndipo iume padzuwa masiku awiri. Siponji ndi timiyala gulani zatsopano, podziwa kuti masabata 4 mpaka 6 aja ayambiranso.

Nsomba yatsopano ikamachokera ku Lusaka pa basi, ulendo wa makilomita opitirira 500 pa Great East Road, thumba lake likhale ndi madzi gawo limodzi, mpweya magawo awiri. Likulungidwe ndi nyuzipepala m'kabokosi, ndipo likhale pamiyendo, osati m'buti momwe mumatentha ngati uvuni podutsa chigwa cha Luangwa. Pofika, yandamitsani thumba lotseka m'thanki mphindi 20, thiranimo theka la kapu ya madzi a m'thanki katatu motalikitsa mphindi zisanu, ndipo tulutsani nsomba yokha, madzi a m'thumba atayidwe. Magetsi a thanki akhale ozima, chakudya choyamba mawa lake.